Chithunzi Chotsala M'chikwama

Chimene chinamubweza Honnappa ku Hulimane mvula ili pakati chinali chithunzi chimodzi chimene sanachitulutse m'chikwama.

Honnappa anali telala, koma tauni yonse inkamudziwa ndi ntchito yake yaulere. Njoka ikalowa m'nyumba, ankabwera ndi ndodo yangowe ndi thumba, n'kukaitaya kunkhalango ili yamoyo. Milungu itatu m'mbuyomo anakaphunzitsa ku Hulimane, kamudzi ka kuseri kwa mapiri. Anatulutsa kanjoka kakuda ka mizere yoyera, kodya abuluzi, kopanda ululu, n'kukayendetsa m'manja mwa anthu. Anthu anaseka, anaomba m'manja, ndipo Honnappa, amene sakana kutamidwa, anatupa ngati chule. Chinatsala chinali kuwaonetsa chithunzi cha kadambale, njoka yofanana nako ngati mapasa, imene imaluma osapweteka koma n'kupha. Mitambo inada, iye anaopa kuti mtsinje umutsekera njira, ndipo anadziuza kuti adzamaliza ulendo wina.

Mlandu suola. Milungu itatu yonseyo ankasoka malaya mokhota.

Ananyamuka m'mawa ndi mlamu wake Girija, mlangizi wa zaumoyo, amene ankapititsa mankhwala kumidziko. Basi inawasiya pothera phula. Anakwera phiri misundu ikuwakwawa m'miyendo, n'kuwoloka ulalo wansungwi madzi akuunyambita kale pansi. Girija ankamuseka kuti munthu wogwira mphiri ndi manja akudumpha chifukwa cha msundu. Honnappa sanamuuze chimene akukachita.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Woyamba kuwalonjera anali Dyavappa, mkulu wofula njuchi, amene kwa zaka makumi anayi sanasiyepo njoka yamoyo. Anakhala pakhonde atagwira pamimba, koma nkhope ili mwee.

"Aphunzitsi, mwabwera bwino. Ndakusungirani mnzanu uja. Ndamupeza m'nkhuni m'bandakucha, ndipo sindinamuphe ayi. Ndamugwira ndi manja monga munatisonyezera."

Analoza mtsuko wovundikira ndi mbale. Honnappa anatsegula pang'ono. Mizere inali yopyapyala, iwiriiwiri, yoyambira kutali ndi mutu. Anali kadambale.

"Yakulumani, bambo?"

"Kungondikanda pachala. Minga imaposa."

Girija anali atamuyang'ana kale m'maso mkuluyo. Zikope zinkagwa zokha, ndipo ankakweza mutu kuti aone. Girija anafunsa mlamu wake motsitsa ngati anthuwa sanawauze za kadambale.

"Mwina sanamvetse," anatero Honnappa.

Bodzalo linatuluka losavuta, ndipo linamuwawa kuposa mantha.

Girija analetsa amayi amene ankafuna kumanga mkono ndi chingwe ndi kutema pabala. Anaupsinja mkonowo ndi kathabwa kuti usagwedezeke. Shekhara, mwana wa Dyavappa, anadula nsungwi ziwiri, anakulungapo bulangete, machira anatheka. Amuna ena onse anali kuminda ya khofi kutsidya, choncho onyamula anali awiri basi, Shekhara kutsogolo, Honnappa kumbuyo. Mtsuko anausiya ataukanikiza ndi mwala.

Mvula inawapeza asanatsike phiri loyamba. Njira inasanduka ngalande. Honnappa anaterereka kawiri, n'kugwera pabondo kuti machira asagunde pansi. Dyavappa ankayesa kuwanyoza kuti amanyamula ngati anthu a m'tauni, koma lilime linali litalemera, mawu ankatuluka ophikika.

Pa nsungwi zowirira Shekhara anaima mwadzidzidzi. Ndowe zinali pakati pa njira, zikufuka nthunzi. Kutsogolo kunamveka nthambi kuthyoka, kenako msana wotuwa unadutsa pakati pa mitengo, kamwana kali pambuyo. Njovu yamwana sapikisana nayo. Anabwerera chafutambuyo n'kutsika m'khwawa, njira yozungulira imene inawadyera ola lathunthu.

Atatuluka m'khwawamo, mkuluyo anali atasiya kulankhula. Chifuwa chinkangonjenjemera pang'ono. Girija anatulutsa chibaluni chopopera mpweya, anachivundikira pakamwa ndi pamphuno pake, ndipo anayenda m'mbali mwa machira akufinya.

Pamtsinje anapeza zichiri zokha. Ulalo unali utapita.

Girija sanataye nthawi. Anatuma Shekhara athamange kumunsi kwa msodzi wina wa bwato lozungulira, iye akwere chitunda akasake pogwira foni aitane galimoto ya chipatala. Chibaluni anachiika m'manja mwa mlamu wake.

"Finyani, werengani mpaka zisanu, finyaninso. Mukasiya, mwamupha."

Anatsala awiri. Dyavappa anali gone, maso otseka, thupi lili lobodo, mvula ikumugwera pankhope osaphethira. Honnappa anamuitana, anamutsina, osayankha. Anaganiza kuti akupopera mtembo. Pamenepo m'pamene pakamwa panamasuka.

Ananena zonse, akufinya ndi kuwerenga. Anati chithunzi chinali m'chikwama tsiku lija, ndipo chili momwemo mpaka pano. Anati anakomedwa ndi m'manja mwa anthu, anathawa mvula, anasiya theka la phunziro, theka lomwe limapulumutsa. Anati ngakhale lero wanamiza mlamu wake, kukankhira mlandu kwa munthu wokalamba amene anangomukhulupirira.

"Mukanaipha ngati kale, bambo, bwenzi pano mukudya mkate wanu wampunga. Yoyamba kuikhululukira, ndiye yakuphani. Ndakuphani ndine."

Analira, koma dzanja silinasiye. Zala zitachita dzanzi anafinya ndi zigongono. Bwato linafika, linawazunguza pamadzi mpaka kutsidya, ndipo galimoto inali ikudikira pothera phula.

Dyavappa anakhala masiku asanu ndi anayi makina akumupumira. Honnappa anatseka shopu, ankagona pabenchi yapanja. Tsiku lakhumi Girija anamuuza kuti mkulu uja watsegula maso ndipo akufuna aphunzitsi ake okha.

Honnappa analowa. Mkuluyo anali atatha ngati nkhuni, mawu akunong'ona.

"Mumawerenga bwino, aphunzitsi. Koma pofika pa zinayi mumafulumira."

Honnappa anagwira chitsulo cha bedi. Iye mwini anaphunzitsapo kambirimbiri kuti wolumidwa ndi kadambale amaoneka wakufa koma makutu ali moyo. Pamtsinje paja anaiwala.

"Ndinamva zonse," anatero Dyavappa. "Kuulula kwa maliro n'kosavuta, mwana wanga. Maliro safunsa. Kumudzi kuja anthu akuti ine ndine chitsiru chosamva, ndipo adzukulu anga anaigwira nawo njoka yanu ija. Mukanene zomwe zija kwa amoyo."

Mvula itadukiza, anabwerera ku Hulimane onse anayi, mkuluyo akutsimphina ndi ndodo, akupumira pa mwala uliwonse. Mtsuko uja anaupeza utaswedwa. Anthu anali atapha kadambale uja, pamodzi ndi njoka zina zisanu zosalakwa, n'kuzipachika pampanda.

Anasonkhana pabwalo la kachisi, opanda woseka. Honnappa anabwera wopanda thumba, wopanda ndodo yangowe. Girija anakhala kutsogolo, osadziwa kanthu. Dyavappa anakhala pambali pake, chala chabala chili pabondo.

Honnappa anatsegula chikwama, anatulutsa chithunzi chija, chonyowa m'mphepete, n'kuchikweza m'mwamba.

"Ichi ndinali nacho tsiku lija," anatero. "Bambo Dyavappa anamvetsa bwinobwino. Amene sanakuuzeni ndine."