Digiri ya M'mutu mwa Mwana

Ana asukulu ankamutchula kuti Onetsanjira, chifukwa yankho lopanda njira ankalidula ndi inki yofiira ngakhale likhale lolondola. Anali mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina, munthu wa malaya otuwa ndi nsapato zoseka kutsogolo. Nyumba inali ya lendi, ndipo mvula ikagwa mkazi wake ankatchera mapoto pabedi.

Koma chinkamudya mtima si denga ayi. Anali mnzake wina amene ankakopera kwa iye ku koleji. Munthu uja adapeza digiri yachiwiri, ija amati masitazi, n'kulembedwa ntchito kukampani ya inshuwalansi. Akamudutsa pagalimoto ankangoliza hutala, kumusiyira fumbi.

Onetsanjira adafunsira malo ku yunivesite mpaka mlembi wa pawindo adamuloweza nkhope. A ku yunivesitewo ankafuna digiri yoyamba yokhoza bwino, makamaka aljebura, komanso aphunzitsi akale omuchitira umboni. Iye digiri adaikhoza mokwawa, chaka chomwe ankadwazika bambo ake. Mwa aphunzitsi ake, wina adamwalira, wina adamuiwala.

"Mwabweranso, bambo?" adatero mlembiyo. "Magiredi sakula ngati mwana. Koma chaka chino pali mayeso olowera a anthu operewera ngati inu. Mukalephera amenewo, musadzavutikenso."

Adatenga mafunso a zaka zam'mbuyo, koma atawayang'ana mutu udaima. Pambali pake mwana wake wamkazi wa ku pulayimale, yemwe ankamutchula kuti Pulofesa, ankasuzumira makope a ana a sekondale n'kumati, "Adadi, apa mwachonga molakwika." Ndipo ankanenadi zoona.

"Werengani pang'onopang'ono, bambo a Pulofesa," adatero mkazi wake. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono yakoyo ndaidikira mpaka imvi! Ukufuna ndidzafe ndi choko m'manja?"

Loweruka lina adapita kokametetsa. Wometayo anali munthu wolankhula motsitsa mawu, wa manja ozizira. Adamvetsera madandaulo onse makina akulira, kenako adatseka chitseko.

"Aphunzitsi, ine mitu ndimaidziwa. Wanuwu watopa. Koma nzeru zimasamuka."

"Zimasamuka bwanji?"

"Mundibweretsere mutu wa magazi anu, wanthete, wakuthwa. Ndiumeta ndekha. Tsitsilo ndiika m'cholembera. Funso likakukanikani, lumani cholemberacho, yankho libwera."

Onetsanjira adaseka mwamantha. "Mwana wa ku pulayimale angadziwe chiyani za masitazi?"

"Simutenga zimene akudziwa lero. Mutenga zimene akanadzadziwa atakula. Kunena mosabisa, mukhala mukudya mbewu."

"Nanga mwanayo?"

"Azingoiwala tina ndi tina. Koma walira mvula walira matope. Musadzabwere kuno ndi misozi."

Adadziuza kuti angobwereka kamodzi, pa mayeso olowera basi. Mawa lake adagwira Pulofesa dzanja n'kupita naye, akumunamiza kuti tsitsi lalitali limabweretsa nsabwe. Mwanayo adakhala pampando miyendo ili lendelende, akuwerenga matailosi a pansi mokweza. Bambo ake adayang'ana kukhoma.

Mayeso adakhoza kuposa onse. Aphunzitsi a ku yunivesite adadabwa, chifukwa mayankho ake ankalumpha mizere yambiri n'kufika penipeni. Adamupatsa malo, bungwe lina lidamulipirira zonse, ndipo kampani ina idayamba kumupatsa ntchito zowerengera. Posakhalitsa adasamukira m'nyumba yosadontha, adagula galimoto, ndipo tsiku lomwe adakumana ndi mnzake uja pamsewu adaliza hutala mpaka anthu kutembenuka.

Tsono kulowa n'kwina, kukhalamo n'kwina. Lamulo linali lakuti phunziro lililonse la chaka choyamba alikhoze, apo ayi amuchotsa. Iye kuwerenga adali atasiya. Akatsegula buku ankangoona nyerere. Cholembera chikayamba kufooka, ankabwerera kwa wometa uja mwana ali kudzanja.

Pulofesa adayamba ndi kuiwala matebulo a masamu. Kenako adasokera pochokera kusukulu, njira imene ankayenda tsiku ndi tsiku. Tsiku lina mayi ake adamutuma masupuni anayi, iye adaima pakabati akulira chifukwa sankadziwa kuti anayi ndi angati. Kuchipatala adamuyeza zonse osapeza kanthu.

"Bambo a Pulofesa, bwanji mwanayu amadwala mukangomumetetsa?" adafunsa mkazi wake.

"Wayamba zamatsenga eti? Galimoto ukukwera, nyama ukudya, pakamwa pokha ndiye sipatseka!"

Adakalipa chifukwa ankadziwa kuti mkaziyo walasa. Mtima unkamuwawa ndithu, koma unkawawa ngati wa munthu amene akulira uku akutafuna. Adathamangira kwa wometa.

"Ndatsala ndi kafukufuku yekha. Ndikamaliza mumubwezere nzeru zake."

"Tsitsi lometa limabwerera pamutu, aphunzitsi?"

"Ndiye tisiye pompa!"

"Siyani. Mubweze galimoto, mukatolenso choko chanu. Mwanayo akhala mmene alilimu. Kapena malizani, mwina mudzamugulira njinga ya olumala yabwino."

Onetsanjira adatukwana, adamenya chitseko, koma sabata yotsatira adabwera naye mwana. Ulendo uno Pulofesa sadawerenge matailosi. Adangokhala duu, dovu likutsika.

Chomaliza pa digiriyo chinali kuima pamaso pa akuluakulu a masamu n'kuteteza kafukufuku wake pakamwa. Adavala suti yatsopano, cholembera chili m'thumba la pamtima. Mayi wina wa imvi, mkulu wa gululo, adatsegula tsamba lina n'kuloza ndi chala.

"Bambo, yankho lanu ndi lokongola. Koma kuchoka pamzere uwu kufika apa mwadutsa pati? Tationetsani njira pabolodi."

Mawu ake omwe, amene ankazunza nawo ana a eni! Adatulutsa cholembera n'kuchiluma. Sipadabwere kanthu. Adalumanso mwamphamvu mpaka chidasweka, timatsitsi tidamumatirira palilime. Pamenepo dzanja lidanyamuka lokha, lidagwira choko, n'kuyamba kulemba zilembo zazikulu zopindika, za mwana wophunzira kumene. M'mutu mwa mwana uja mudatsala zokhazo.

Mayi uja adawerenga mokweza, mosamvetsa: "Adadi, mutu ukundiwawa. Musandimetenso."

Onetsanjira adakuwa. Adafufuta ndi mkono wa suti, koma dzanja linalo linkalembanso mawu omwewo. Adatuluka akuthamanga, galimoto kuisiya pomwepo. Atafika kunyumba adapeza azimayi atadzaza pakhonde akulira maliro, mipando akuitulutsa panja. Mkazi wake adamuyang'ana, adaona tsitsi pamilomo pake, ndipo sadafunsenso funso lina.

Malo ometera aja adawapeza otseka, mkati mutasesedwa bwinobwino. Digiri sadampatse. Galimoto ndi nyumba zidapita, mkazi adabwerera kwawo.

Masiku ano amapezeka kuseri kwa depoti ya mabasi, tsitsi lili nyankhalala, chifukwa salola munthu kumuyandikira ndi lumo. Amatola makala n'kumalemba pakhoma. Ana asukulu akamadutsa amamukuwiza kuti, "Onetsa njira!" Iye amagwada, n'kulemba mawu aja a mwana wake, kenako amafufuta ndi chigongono.

Abale anga, dyera ndi loipa. Sukulu ili ndi khomo lake, ndipo wolowera pawindo amaponda mutu wa wina. Bambo uyu anali ndi katswiri wa masamu m'nyumba mwake momwe, akanangodekha n'kumulera. Adasankha kudya mbewu, ndipo wodya mbewu sakolola.