Odi wa Christobel

Lufina ankatsekera mbuzi m'khola dzuwa likulowa pamene anamva odi kuseri kwa nyumba, ndipo mawuwo anawazindikira. Chaka chimenecho ku Biriwiri panalibe mkazi wosadziwa mawu a Christobel, mayi wamasiye amene azaumoyo anamusankha kuti azikumbutsa amayi kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero.

Poyamba anthu ankangomuseka kuti ndi dokotala wosaponda kusukulu. Kenaka anafika kwa aNangozo, ndipo patangopita miyezi iwiri aNangozo anamwalira akutaya magazi, nyumba yonse ili fungo la chowola. Anafika kwa mkazi wa Yoramu, zomwezonso. Wachitatu ataikidwa, manong'onong'o anadzaza m'minda ya mbatatesi, akuti Christobel akakupangira odi masana, usiku amabwera kudzadya chiberekero. Palibe anaganiza kuti mayiyo ankathamangira makomo amene wamva kuti muli wodwala kale. Munthu wamantha alibe nthawi yoganiza zotero.

"Ndaona nsalu za madontho a magazi zimene mumayanika kuseri kuno, amayi," Christobel ananong'ona. "Galimoto yachipatala ibwera Lachinayi. Tipitire limodzi."

"Chokani."

"Zikapezeka msanga zimachizika."

"Ndati chokani, ndili ndi ana ang'ono ine."

Lufina anakuwa kuti kwabwera mfiti, mudzi unakhamukira ndi miyala ndi mipini. Christobel anathawira ku Mozambique wopanda nsapato, denga la nyumba yake likulilima. Lachinayi galimoto inabweradi. Chimkuzamawu chinaitana mpaka dzuwa kupendeka, amayi ali zii m'nyumba atatseka zitseko, ndipo galimotoyo inabwerera.

Mudzi unapuma, koma Lufina ayi. Magazi sanaleke, msana unkachita ngati wausenzetsa matumba, ndipo nyengo yozizira itafika fungo lija analimva m'chitenje chake chomwe. Anasamba katatu patsiku, anafukiza masamba a bulugamu, koma ayi ndithu. Anaopa imfa, ndipo anadzida chifukwa cha kukuwa kuja.

M'mawa wina anagwada pamaso pa mwamuna wake Paison, yemwe ankanola chikwanje pakhonde.

"Bambo, mundiperekeze kuchipatala. Mwina mayi uja ankanena zoona."

"Mfiti tinaithamangitsa, koma iwe sukuchira," Paison anayankha modekha. "Ndiye kuti yatsala ina."

"Kuchipatala, bambo. Chonde."

Paison sanamumve. Maso ake anali tsidya la bwalo, kumene mayi ake a Lufina, nkhalamba yosaona bwino, ankasankha nyemba pamkeka akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.