Anamuphunzitsa Kuyankha

Lombe ankaanula chinangwa pathandala dzuwa litangolowa, pamene wina anaitana kuseri kwa nthochi.

"Bana Chisanga!"

"Mukwai!" anayankha asanaganize n'komwe.

Ku Luwingu mkazi amamuitanira dzina la mwana wake, ndipo woleredwa bwino amati mukwai mwamsanga. Ulemu umenewu mayi ake a Lombe anamuphunzitsa ndi mthiko. Kunthochiko kunalibe munthu, kunali fungo chabe la fodya wamphuno ndi mafuta a nsatsi. Patapita masiku atatu Chisanga, mwana wake woyamba, anamwalira osadwala ngakhale chimfine.

Anthu anasiya dzina la malemuyo nayamba kumutcha Bana Kapambwe, potengera mwana wake wachiwiri. Chaka chisanathe mawu aja anabweranso, ndipo pakamwa pake panayankha pokha. Kapambwe anamuika pafupi ndi mkulu wake. Mwamuna wa Lombe anakwera basi ya ku Kasama osabweranso. Lombe sanalire. Ankangodzuka, kuphika chikanda, kupita kukagulitsa pasiteji.

"Mawuwo ukuwadziwa?" anafunsa Bana Mwila, mnzake wapasitejipo.

"Ndi a mayi."

"Iwe! Mayi ako si tinaika kalekale?"

"Fungonso ndi lawo."

"Anabereka angati?"

"Asanu ndi anayi. Ndinatsala ndekha."

"Nanga agogo ako?"

"Chimodzimodzi."

Bana Mwila ananyamula beseni lake nakakhala tsidya lina la msewu.

Panatsala mwana mmodzi, mtsikana, Musonda. Lombe anauza aliyense kuti azimutcha Lombe basi, ngati namwali, ndipo dzuwa likamapendeka ankatseka makutu ndi thonje. Mawu aja analeka. Iye ankayesa kuti wapambana, wosauka, osadziwa kuti mlimi sadya mbewu yonse.

Musonda anakula, nakwatiwa, nabereka mwana wamwamuna, Katongo. Atabwera naye kudzamuonetsa, Lombe anamupatsa lamulo limodzi.

"Wina akakuitana madzulo, usayankhe usanamuone nkhope. Wamva?"

"Ndamva, amayi. Koma inunso mantha!"

Tsiku lachitatu kunachita mitambo. Lombe anatuluka kukaanula chinangwa, thonje lili m'makutu. Fungo lija linamupeza pathandala pomwepo, koma ulendo uno silinachokere kunthochi. Linkatuluka m'nsalu yake, m'khwapa, m'mpweya wake womwe. Anamva kukhosi kukuyabwa. Anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, koma mawu anadutsa pakati pa zala, okalamba, osasa, a munthu amene anamuika yekha m'manda.

"Bana Katongo!"

Musonda anali mwana womvera. Anayamba wasuzumira pawindo, khanda lili kubere, naona kuti ndi mayi ake.

"Mukwai!"

Lombe anaima pang'ono. Kenako anachotsa thonje m'makutu, nalitaya, napitiriza kuanula chinangwa, poti mvula inali pafupi.