Neti ya Amalume a Boaz

Ndagi, mwana iwe! Ili ndi maso ambirimbiri, koma siona. Imagona nawe, koma siliza mkonono. N'chiyani? Usafulumire. Sunga yankho m'tsaya.

Tamiwe ankakhala ku Kasenengwa. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tamiwe ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuona ntchila.

Ntchila ndi nsomba. Ili ndi milomo yokhuthala. Imadya ndere pamiyala.

"Amayi, ntchila zinapita kuti?" anafunsa Tamiwe.

"Tinazidya, mwanawe," anatero amayi. "Tinadya zazikulu. Tinadya zazing'ono. Tinadya ndi za mazira zomwe. Zatsala zochepa."

Tamiwe anaganiza, naganiza.

Mvula itayamba, anthu a m'mudzi anapangana. Nthawi imeneyi ntchila zimakwera mtsinje. Zimabwera kudzaikira mazira padziwe la pansi pa mkuyu. A Monika ndiwo ankatsogolera gulu losamala mtsinje. Iwo anamanga kansalu kofiira panthambi ya mkuyu.

"Kansalu kakakhala apa, nsomba zipume," anatero a Monika. "Mbedza ayi. Mono ayi. Neti ya udzudzu ayi ndithu. Imeneyo imakokolola ndi tiana tomwe."

Amalume a Boaz anaimirira. Iwowa ndi alongo awo a amayi a Tamiwe. Anadziguguda pachifuwa, gu, gu!

"Mlonda ndine!" anatero. "Wakuba nsomba ndimamumva fungo akadali ku Chipata!"

Tsiku ndi tsiku Tamiwe ankapita kudziwe. Ankagona chamimba pamwala. Ankasuzumira. Madzi okhaokha. Ankasuzumiranso. Achule okhaokha. Mwezi unatha. Wina unathanso.

Tsiku lina m'mawa, Tamiwe anaona chinthu m'bango. Chinali ndi maso ambirimbiri, koma sichinkaona. Eya, lavula yankho lija! Inali neti ya udzudzu.

Mu netimo munali tinsomba. Tinali tating'ono ngati chala cha Tamiwe. Tinali ndi timilomo tokhuthala. Ntchila!

Tamiwe anakondwa, koma mtima unamuwawa. Tinsomba tinkaphiriphitha. Tinkasowa potulukira.

Madzi anali akuya. Tamiwe sanalowe. Anathamanga kukaitana amayi.

Amayi analowa m'madzi mpaka m'chiuno. Anatembenuza neti pang'onopang'ono. Kansomba kamodzi kanatuluka. Kenako kena. Kenako tambirimbiri! Koma titatu tinayandama, mimba kumwamba. Tamiwe anatiyang'ana nthawi yaitali.

"Inu otsala, pitani mukakule," ananong'ona.

Kenako Tamiwe anaona chigamba pa neti. Chinali chachikasu, cha maluwa.

"Amayi, si chitenje chanu chakale ichi?"

Amayi anayang'ana chigamba. Anagwira pakamwa.

"Ndinasoka ndine," anatero. "Ndinasokera amalume ako."

Masana anthu anasonkhana pansi pa mkuyu. A Monika anayanika neti panthambi. Amalume a Boaz anafika akukanda. Anakanda khosi. Anakanda khutu. Nkhope yonse inali totupatupa.

"Wakubayu ndimugwira lero lomwe!" anafuula. "Anthu osamva! Ine neti yanga ili pabedi. Ndimagona ngati khanda."

"Amalume," anatero Tamiwe mofatsa, "nanga udzudzu wakulumani bwanji?"

"Si udzudzu uwu, mphwanga. Ndi mafuta odzola atsopano."

Tamiwe ananyamula ngodya ya neti. Anaonetsa chigamba chachikasu.

"Nanga chigamba ichi, amalume? Chayenda chokha kuchokera pabedi?"

Amalume anayang'ana chigamba. Anayang'ana kumwamba. Kumwamba kunalibe yankho.

"Ndinangoinyika kuti ndiichape," anatero.

"Kunyika m'bango, achimwene?" anafunsa amayi a Tamiwe. "Sopo wake ndi ntchila?"

Anthu anaseka. A Monika anaseka mpaka duku linagwa.

Amalume anakhala pansi. Mawu awo anachepa.

"Ndalakwa, abale," anatero. "Ndinkafuna tandiwo chabe."

Tamiwe anawagwira dzanja. Anapita nawo pamwala. Onse awiri anasuzumira. Tintchila tinkadya ndere pang'onopang'ono.

"Onani, amalume. Tikadali tiana."

"Ndaona, mphwanga. Tikule."

"A Boaz, tengani neti yanu," anatero a Monika. "Ibwerere pabedi. Kuyambira mawa mudzalondera dziwe, ndipo Tamiwe adzalondera inu."

Pomwepo udzudzu unatera pamphuno ya amalume. Amalume anadzimenya, phaa! Udzudzu unathawa. Mphuno inatsala ikuwawa.

"Amalume," anatero Tamiwe, "wakuba uyu anali pamphuno penipeni. Fungo lake simunalimve?"

Anthu anagwa nacho chiseko. Amalume anaphimba nkhope ndi neti yonyowa. Mkati mwa netimo, nawonso ankaseka.