Waya Wovina Popanda Mphepo

Izi sindinazitole kumsika. Anandiuza ndi achimwene anga enieni, amene akhala akukonza mawaya a magetsi zaka zambiri, ndipo si munthu wokometsera nkhani. Dalaivala wawo, amene timangomutchula kuti Wandevu, analipo. Akali moyo, mukhoza kumufunsa.

Achimwene amaidziwa mphepo kuposa mmene amawadziwira alamu anga. Amati yamkuntho imakankha mawaya mpaka agundane, moto n'kuthetheka, magetsi n'kuzima. Koma yoipa kwambiri ndi kamphepo kayaziyazi kosalekeza. Kamanjenjemeretsa waya, waya n'kumalira ngati njuchi, mpaka timawaya ta mkati tiyambe kuduka pafupi ndi nsanja yonyamula mawayawo. N'chifukwa chake amamangirirapo tizitsulo tolemera toletsa kunjenjemerako.

Tsiku limenelo anawatuma kuseri kwa fakitale ina yakale, kumene waya unkavina pakati pa nsanja ziwiri zachitsulo. Anafika dzuwa lili paliwombo. Wayawo unkakwera ndi kutsika ngati chingwe chimene ana amalumpha. Mawaya anzake awiri anali phee.

Wandevu anatapa fumbi n'kuliwaza m'mwamba. Linagwera pa nsapato zake.

"Bwana, mphepo yake iti?"

"Ili kumwambako," anayankha achimwene, ngakhale kapepala kamene kanakodwa pansonga pa nsanja sikankagwedera n'komwe.

Anaimbira ku ofesi kuti azimitse magetsi. Anayeza okha, n'kupeza kuti azimadi. Kenako anavala lamba, anatenga tizitsulo tija, n'kukwera.

Pamwamba panalibe mphepo. Ngakhale thukuta silinkauma. Atangotulutsa sipanala, waya unasiya kuvina. Mbalame nazonso zinasiya kulira.

Ndi pamene anaona kuti cha ku nsanja inayo, waya wapindika pang'ono ngati waupondapo munthu. Popindikapo panayamba kusuntha. Phazi limodzi. Kuima. Phazi lina.

Mapaziwo ankabwera kwa iwo.

Chitsulo cha nsanja chinkanjenjemera m'manja mwawo pa phazi lililonse. Kunabwera fungo la golovesi yopserera, losakanikirana ndi la tsitsi lowauka.

"Tsikani, bwana," ananong'ona Wandevu pa wailesi ya m'manja. "Chonde tsikani."

Zala zinauma. Lamba anakana kumasuka.

Panatsala mikono itatu. Iwiri. Waya unatsika pafupi ndi bondo lawo, n'kukhala choncho, utalemedwa. Wina anawapumira kukhutu. Mpweya wotentha.

"Mwazimitsa?"

Anali mawu a mwamuna, otopa, aulemu. Ndi funso limene wa magetsi aliyense amafunsa mnzake asanagwire waya.

Achimwene akuti sanaganize n'komwe. Pakamwa panayankha pokha.

"Tazimitsa, akulu."

"Zoona?"

"Ndayeza ndekha."

Kenako waya unadzuka pang'onopang'ono, ngati munthu wachokapo.

Tizitsuloto anamanga ndithu, chifukwa achimwene sasiya ntchito panjira. Atatsika anapeza Wandevu wadzikhomera m'galimoto, mawindo onse atatseka. Ananyamuka. Atayandikira ku ofesi ndi pamene Wandevu anatsegula pakamwa, maso ali pamsewu.

"Pamene mumatsika, zithunzithunzi pansi zinali ziwiri."

Injiniya analemba mu lipoti kuti inali mphepo. Achimwene anangosaina.

Zotsalazi ndinaziona ndekha, chifukwa tsikulo ndinali kwawo. Anafika dzuwa lisanalowe, nkhope itatuwa. Alamu anatuluka kukawalandira chikwama, n'kukwinya mphuno.

"Mwapserezanso chiyani kuntchitoko, bambo?"

Alamu anasuzumira kumbuyo kwa achimwene, anamwetulira, n'kugwadira pang'ono cha kugeti.

"Nanga anzanuwo salowa?"

Tonse tinacheuka. Pageti panalibe munthu. Mitengo inali chete. Koma chingwe choyanikira zovala, chimene alamu anali atangoanulapo kumene, chinali chitapindika pakati mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi.