Bawuti Yomaliza ya Dunstan

Dunstan anali wakabaza wa njinga yakapalasa mumzinda wa Zomba, ndipo amene anapalasapo njinga m'Zomba akudziwa kuti tauni imeneyi ilibe chisoni. Ukatsika chitunda, dziwa kuti china chikukudikira. Akanyamula mayi ndi dengu lake kuchokera kumsika kupita ku Masongola, ankafika malaya atamatirira kumsana, miyendo ikunjenjemera. Anapalasa zaka zisanu ndi ziwiri, koma kunyumba kwake kunalibe ngakhale mpando woti mlendo n'kukhalapo.

Makolo ake anamwalira kalekale. Chimene anali nacho ndi mkazi, Consolata, wogulitsa zitumbuwa pakhomo la msika. Ankakhala pachikamwini, pamalo a makolo a mkaziyo kunja pang'ono kwa tauni. Dunstan akaweruka, Consolata ankamuthowa miyendo ndi madzi otentha n'kumati, "Zidzayenda bambo, musamadandaule." Ine ndimati munthu wokhala ndi mkazi wotere si mmphawi, koma maso a Dunstan anali kwina.

Maso akewo anali pa njinga zamoto zoyendera magetsi zimene zinali zitangofika m'tauni. Mnzake wa pasiteji, Blaise, anapeza imodzi. Yosafuna petulo, yosatulutsa utsi, komanso yosalira. Pachitunda inkangomudutsa mwakachetechete, Blaise n'kucheuka akuseka.

"Aise, ndikukoke?"

Mawu amenewa ankamutsatira Dunstan mpaka kunyumba. Nsanje inamudya mpaka chakudya chinasiya kukoma.

M'mawa wina wa mu Juni, nkhungu itaphimba phiri, Dunstan anasiya njinga yake n'kukwera wapansi kanjira kotsata mtsinje wa Mulunguzi. Anali atamva za a Japhet, mkulu amene kale ankacheka matabwa m'nkhalango koma tsopano ankathandiza anthu ofuna kukhwima. Anawapeza pakhonde la kanyumba kamatabwa, atavala jekete yoyera bwino, akumwa tiyi. Panalibe mikanda, panalibe nsupa. Zimenezi ndi zimene zinamuopsa kwambiri.

"Ukufuna njinga kapena ukufuna chuma?" anafunsa a Japhet, mlendoyo asananene chimene wabwerera.

"Zonse, bambo."

"Njinga ndi nkhani yaing'ono, ibwera sabata lino lisanathe. Koma njinga yosavala ndi njinga basi. Chuma chili m'zovala zake."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi sipanala yaing'ono, ya saizi teni, yakuda ngati yagona m'phulusa. Anaiika pabondo la Dunstan. Inali yozizira kwambiri.

"Chilichonse chimene ukagule choika panjingayo, uzimanga wekha ndi sipanala iyi. Ukafika pa bawuti yomaliza, utchule dzina la munthu amene akukudziwa lero lino."

Dunstan anayang'ana sipanalayo. "Ndiye munthuyo afe?"

"Ine za magazi ayi, zimadetsa. Azidya, aziseka, akalamba bwinobwino. Angokuiwala."

"Basi?"

"Basi. Wakutali abweretsa zochepa. Wapamtima abweretsa zambiri."

"Nanga inuyo ndikupatseni chiyani?"

A Japhet anauzira tiyi wawo. "Amene ndimawagwirira ntchito sagwira ndalama. Amadya mayina."

Dunstan anatsika phiri akuseka yekha. Kuiwalidwa? Ndani anali kumukumbuka kale? Paja safunsa anadya phula. Panali funso limodzi loyenera kufunsa, ndipo iye sanalifunse.

Lachisanu kampani ina yobweretsa njingazo inachititsa mayere pakati pa akabaza. Dzina limene linatuluka linali la Dunstan. Njinga yatsopano, yobiriwira, mapulasitiki ali pampando. Consolata anagwada pakhomo kuthokoza Mulungu, ndipo Dunstan anayang'ana kumbali.

Lolemba anapita kusitolo ya zipangizo za njinga ya a Mubeen, m'mwenye wobadwira m'Zomba momwemo, amene Chinyanja chake chinali chosalala kuposa cha ena a ife.

"Yambani ndi hutala yaikulu, achimwene," anatero a Mubeen. "Njinga izi anthu sazimva, mudzagunda munthu pamsika. Koma musailumikize ku batire lalikulu, ipsa. Waya adutse pa fyuzi. Amakanika anga akumangirani ulere."

"Ndimanga ndekha."

Anakaimika njinga pansi pa mtengo wa m'bawa, natulutsa sipanala. Pa bawuti yomaliza ananong'ona, "Blaise." Bawutiyo inagwira nthawi yomweyo.

Atafika pasiteji, Blaise anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Achimwene, ndinu atsopano eti? Pano timayamba taonana ndi atcheyamani."

Dunstan anamuyang'anitsitsa. Uyu ndi munthu amene ankagawana naye chinangwa chootcha kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Koma asanaganize zambiri, ana asukulu a kuyunivesite awiri anadumpha njinga zonse zimene zinali patsogolo pamzere n'kubwera kwa iye. Tsiku limenelo sanapume mpaka batire linatha.

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anagula magalasi aakulu oonera kumbuyo, natchula mphunzitsi wake wakale. Anagula kushoni yofewa ya wokwera, natchula mayi woyandikana nawo nyumba. Chogwirira foni chinadya mkulu wa kwaya. Zitsulo zotchinga miyendo zinadya atcheyamani a siteji. Nyali ziwiri zachikasu zoboola nkhungu ya kuphiri zinadya alamu ake awiri. Tizitsulo tina tambirimbiri tinadya apongozi ake, anzake a kutchalitchi ndi onse amene anakula nawo. Akafika kwa a Mubeen ankatha ola akusankha, ichi kuchiyeza, icho kuchigogoda, ngati mkazi akusankha chitenje. Zosankha dzina zinkamutengera mphindi imodzi.

Malume ake, a Cuthbert, omwenso anali ankhoswe a banja lake, anamuitana tsiku lina. "Mphwanga, ndakusowa pamaliro awiri. Chuma chikubwerachi chisakudule miyendo." Dunstan anapsa mtima. Sabata lomwelo anagula bokosi lalikulu lakumbuyo, lokhoma ndi kiyi, natchula dzina la a Cuthbert. Kuyambira pamenepo alendo okwera phiri kukaona damu ndi mathithi sankafuna wina koma iye. Nyumba inafoleredwa ndi malata, munalowa masofa, munalowa wailesi yakanema.

Koma masofawo sankakhalapo munthu. Foni yake inkangolira manambala achilendo. Mumsewu anthu amene anakula nawo ankamupatsa moni wa mlendo, waulemu koma wopanda kanthu m'kati. Lamulungu lina m'tchalitchi chimene anaimbamo kwaya zaka khumi, wolengeza anati alendo onse aimirire kuti alandiridwe, ndipo anthu onse anacheukira iye. Anaimirira. Anamuombera m'manja.

Pobwerera Consolata analira njira yonse.

"Bambo, mwawalakwira chiyani anthu? Dzulo achimwene andifunsa kuti mwamuna amalowa m'nyumba mwanga uja ndi ndani. Ndawayankha kuti nsanje ikuwapengetsa, koma nkhope yawo sinali ya munthu wonama. Ine ndikuopa."

"Ndi nsanje yomweyo."

"Zakwana. Njingayi yavala kuposa mkwatibwi. Ifenso tikudya, tikufunda. Lekerani pomwepa."

Akanalekera pomwepo, bwenzi nkhaniyi ndisakukamba. Padziko lonse panali patatsala munthu mmodzi womudziwa kuti ndi mwana wa ndani, amakonda ndiwo zanji, bondo liti limamuvuta kukazizira. Munthu mmodzi ndi wokwanira kukhala naye moyo.

Mwezi wotsatira malo ena ogona alendo pamwamba pa phiri anafuna wakabaza mmodzi woti azinyamula alendo awo tsiku lonse, chaka chonse. Vuto linali loti chitunda cha phiri chimamwa batire. Ukakwera kangapo uyenera kukaima ukutchaja. Pankafunika batire lachiwiri, lomangidwa pachitsulo chake pambali.

"Lilipo," anatero a Mubeen, "koma njinga ili ndi malire a katundu, achimwene. Yanu inadutsa kale. Ine ndimagulitsa, koma apa ndikukuuzani ngati m'bale."

Dunstan analigula.

Anakamangira kuseri kwa nyumba. Mabawuti atatu anagwira. Yomaliza inkangozungulira. Anayesa kumanga osatchula kanthu, inkangozungulira. Anatchula a Mubeen, anatchula wokwera wina wa dzulo lake, koma amenewa anamudziwa atakhala kale ndi njinga yamagetsiyo, ndipo bawutiyo sinawalandire. Anafufuza m'mutu mwake masiku atatu. Mayina anali atatha.

Tsiku lachinayi anayamba kudzinamiza. Paja ndinamufunsira ndili ndi malaya amodzi ndi njinga yakapalasa, analola. Lero ndili ndi malata ndi masofa, angakane? Andiiwale, ndimufunsiranso. Sabata imodzi yokha, tibwerera mwakale, ntchito ija ili m'manja.

Anali masana. Consolata anali kukhitchini akukazinga zitumbuwa za mawa, akuimba chapansipansi.

"Madzi osamba ndikuikireni?" anafunsa ali konko.

"Ika."

Anamva chidebe chikulira. Anagwira sipanala ndi manja awiri, natchula dzina la mkazi wake. Bawuti inagwira.

Patapita kanthawi Consolata anatulukira pangodya ya nyumba atanyamula chidebe cha madzi otentha. Anaima. Anayang'ana chidebecho ngati sakudziwa kuti akupita nacho kuti, kenako anachitula pansi n'kukonza chitenje chake.

"Tikuthandizeni, bambo?"

Zimene zinatsatira zinali zachangu. Mkamwini ndi mlendo pamudzi wa eni. Chimene chimamugwiriza ndi mkazi wake ndi ankhoswe. Alamu ake anabwera, namuuza kuti atuluke mwamtendere. Ataonetsa zithunzi za pafoni anati za masiku ano amangopanga pakompyuta. Ukwati wake sunalembedwe m'buku lililonse, unali wa chinkhoswe. Ndiye anathamangira kwa a Cuthbert, munthu amene akananena pamaso pa anthu kuti banja ili ndinaliimira ndine. A Cuthbert anamupatsa mpando, namumvetsera mpaka kumapeto.

"Pepani bambo," anatero mwachifundo. "Mwina mwasokoneza khomo."

Dunstan anachita lendi kachipinda m'tauni n'kuyamba zofunsira zija. Anapita pakhomo la msika atasamba, atavala bwino. Anagula zitumbuwa, nakhala pambali n'kumacheza. Ankadziwa chimene chimamuseketsa Consolata, ndipo pofika madzulo mkaziyo anali akuseka mpaka kubisa nkhope m'chitenje.

"Inu ndinu ocheza," anatero. "Mubwerenso mawa."

Dunstan anabwerera kuchipinda kwake mtima uli m'malo. M'mawa anafika msika usanadzaze, akumwetulira.

"Zitumbuwa zingati, bambo?" anafunsa Consolata, ndi nkhope imene amaonetsa munthu aliyense wodutsa.

Anayambiranso. Madzulo anasekanso, anatinso abwere mawa. Mawa linafika, ndipo zinali chimodzimodzi. Anachita zimenezi milungu itatu. Kuphiri kuntchito ija sanapiteko ngakhale tsiku limodzi.

Kenako anakwera kwa a Japhet. Anawapeza pakhonde pomwe paja.

"Simunandiuze kuti sangandidziwenso."

"Sunafunse."

"Ndikamasula zonse?"

"Masula. Chitsulo chimabwerera kusitolo. Chodyedwa sichibwerera m'mbale."

Anamasulabe. Pomwepo m'mbali mwa njira anachotsa batire, bokosi, nyali, magalasi, hutala, akutchula dzina lililonse mokweza ngati akuitana munthu amene ali tsidya la mtsinje. Zitsulo zinaunjikana pa udzu. Anatsika wapansi, zala zikutuluka magazi, nathamangira kumsika. Consolata anamufunsa kuti akufuna zitumbuwa zingati.

Njinga ija anthu otola nkhuni anaiona masiku angapo ili m'mvula, kenako inasowa. Mutu wa Dunstan nawo unapita pang'onopang'ono. Lero mukafika pakhomo la msika wa Zomba m'mawa, mupeza munthu wopanda nsapato, ndevu zili nyankhalala, ataima pataliko kudikira kuti ogula achepe. Akachepa amayandikira, n'kuwerama mwaulemu.

"Mayi, dzina langa ndine Dunstan."

Consolata amamukulungira chitumbuwa chimodzi m'pepala, osamulipiritsa. Akachoka amatembenukira kwa mnzake wogulitsa nthochi, ndipo tsiku lililonse amanena mawu omwewo.

"Wamisala watsopanoyu ndi waulemu. Kaya abale ake ali kuti, munthu kumangoyenda yekha chonchi."

Abale anga, dyera silibwera ndi mpeni nthawi zonse. Nthawi zina limangopempha kanthu kamene ukuyesa kuti ulibe nako ntchito, lero mnzako, mawa malume ako, mpaka limafika pa amene amakuikira madzi osamba. Chuma cha mankhwala chili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo sakhuta. Palasani yanu yakapalasayo, mutuluke thukuta, madzulo mukapeze wokudziwani pakhomo. Kali kokha n'kanyama.