Dzanja la M'mphepete mwa Chithunzi

Hellen Chikhosi ananyamuka m'mudzi muja dzuwa litalowa kale. Wa njinga yamoto amene anamutula m'mawa analonjeza kudzamutenga, koma foni yake inangolira osayankhidwa mpaka ya Hellen inatha moto. Amayi a m'mudzimo anamuuza kuti agone. Iye anakana. Chikwama chake chinali kwa mnzake Munira, wa golosale pa Kabudula, ndipo minibasi ya ku tauni imanyamuka nkhuku zisanatsike. Anamanga chitenje pamwamba pa juzi, n'kukoleka thumba kumsana, n'kuuyamba.

M'thumbamo munali bangwe, choyimbira chamakolo cha thabwa ndi waya.

Hellen sanali mphunzitsi. Pa sukulu yaikulu ya zoyimbayimba mumzinda wa Lilongwe iye ndiye ankasunga makiyi, kugawa zipinda ndi kukangana ndi okonza madenga. Mbiri ya sukuluyo ankaidziwa ngati ya kwawo. Inayambira m'nyumba yakale yosungiramo fodya, ophunzira atakhala pa njerwa. Kenako kunabwera mapiyano ndi malipenga, kunabweranso lamulo loti mphunzitsi aliyense akhale ndi pepala la sukulu. Oyimba akumudzi amene anathandiza kuiyambitsa anachoka mmodzimmodzi, osatsanzikidwa. Zoyimbira zamakolo zinatsala ndi kachipinda kamodzi kumapeto, pafupi ndi mtengo wa mango.

Tsopano kachipindako nakonso kanali pa mpeni. Mphunzitsi wake womaliza anali atapuma pa ntchito, ndipo bangwe wakale wa sukuluyo, amene ankayimbidwa pa mwambo uliwonse, anaduka waya ndi dzimbiri. Ophunzira anamumanga ndi nsambo za gitala, koma ankangolira ngati chitini. Wapampando wa bodi anauza Hellen akumwetulira kuti, "Mayi, Lolemba mutibweretsere munthu woyimba chimenechi, ngakhale wopanda pepala, kalasi ikhala. Apo ayi, tiikamo makompyuta." Ananena choncho podziwa kuti munthuyo sapezeka. Ndipo ana a m'kalasimo, ambiri a iwo ochokera m'maesiteti a fodya, akanabwerera kwawo ndi zikwama zawo.

Chomwe Hellen ankadziwa n'choti bangweyo anachokera chakuno ku Kabudula. Mwini wake palibe ankamudziwa dzina. Pa chithunzi cha tsiku lotsegulira sukulu, chimene chili pakhoma la ofesi, akuluakulu onse akuoneka bwino ndi mataye awo. M'mphepete mwenimweni muli dzanja lokha litagwira bangwe, chala chamkombaphala chodukira pakati. Thupi lonse wojambula analisiya kunja.

Tsiku lonse Hellen anayenda mudzi ndi mudzi. Paliponse ankamupatsa mpando pakati pa abambo, iye n'kufunsa, "Kodi kuno kuli bambo woyimba bangwe?" Yankho linali limodzi. Anatha onse. Achinyamata a masiku ano ndi a masipika.

Tsopano mseu unali woyera ndi mwezi. Kunkazizira kuzizira kwa mu Juni, kolowa m'mafupa, ndipo mphepo inkanunkhira fodya wa m'zigafa. Poyamba ankamva agalu ndi wailesi ya kutali. Kenako nyumba zinatha. Kutsogolo kunada nkhalango ya kumanda, mitengo yake italiitali yosadulidwa, ndipo kuseri kwake njira inkatsetserekera ku mlatho wa matabwa.

Hellen sanali munthu wamantha. Anaika mwamuna wake m'manda, analera ana yekha. Komabe anafulumiza mwendo.

Ali pakati pa mitengo ija anamva kulira kwa njinga kumbuyo. Kwiii... kwiii... Njinga yosadzozedwa mafuta, yokankhidwa pang'onopang'ono.

Anaima. Nayo inaima.

Anayenda. Kwiii...

Sanacheuke. Anangoyang'ana kutsogolo, kumene matabwa a mlatho ankaoneka mbuu. Achule a mumtsinje, amene ankasokosera, anangoti zii onse pamodzi. Kenako anamva chinthu chikunjenjemera pamsana pake. Bangwe uja, m'thumba lomanga, ankang'ung'udza yekha.

Anafika pa mlatho. Anaima pomwepo.

"Zikomo kutsogoloko, mayi."

Anali mawu a munthu wamkulu, odekha. Hellen anatembenuka. Panaima mdala wamfupi, wa jekete lalikulu ndi chipewa chansanza, atagwira njinga yakuda.

"Zikomo, bambo," anayankha Hellen.

"Mwamuberekera chozondoka. Akumva kuwawa."

"Ndani?"

"Mnzangayo. Tamutulutsani apume."

Hellen sanadziwe chimene chinamuchititsa kumvera. Anamasula thumba n'kutulutsa bangwe: thabwa lakuda ndi manja a anthu, lokhala ndi timabowo uku ndi uku, kumapeto kwake kuli chipanda chokuzira mawu. Mdalayo anawerama n'kuyang'ana nsambo za gitala zija. Anaseka pang'ono, mosanyoza.

"Ana aja ayesetsa. Koma amuduladula. Nsambo ndi zambiri, mayi, waya ndi mmodzi. Mukadula, iliyonse imalira maliro akeake."

Anagoneka njinga pa matabwa. Anasolola waya wa buleki, n'kuyamba kumupombosola mpaka anatulutsa kawaya kamodzi, katali, kowala. Anakaika pansi pakati pa awiriwo.

"Manja anga azizidwa. Mulowetse ndinu."

"Ine sindidziwa, bambo. Ndimangosunga makiyi."

"Makiyi munabadwa nawo? Khalani pansi."

Anakhala. Anachotsa nsambo za gitala zija. Mdalayo ankaloza ndi chibwano, iye n'kumalowetsa waya pa bowo, kumudutsitsa pansi pa thabwa, kumutulutsira pa bowo linzake, kumubweza. Kupita, kubwera. Kupita, kubwera. Waya yemweyo. Zala zinachita magazi koma sanasiye. Kenako mdalayo anamuuza kuti athyole timitengo pa nsungwi za m'mbali mwa mlatho, n'kutilowetsa pansi pa nsambo iliyonse, kena kutsogolo, kena kumbuyo.

"Mukakoka iyi, inzakeyo imva. Muzimvera zonse."

Hellen anadzutsa mutu kuti afunse. Mpweya wa m'kamwa mwake unkatuluka ngati utsi chifukwa cha chisanu. Anayang'ana pakamwa pa mdalayo.

Panalibe utsi.

Anayang'ana pa matabwa. Chithunzithunzi chake chinalipo, cha njinga chinalipo...

Cha mdalayo panalibe.

"Mango aja akubereka?" anafunsa mdalayo.

"Ma... mango ati?"

"Mtengo wa pakhomo la kachipinda. Ndinabzala ndine. Ankandiseka kuti sindidzadya."

"Amabereka," Hellen ananong'ona. "Ana amadya mpaka kudwala m'mimba."

"Basi. Ndadya."

Mdalayo anatambasula dzanja kuti amange mfundo yomaliza. Linakhudza la Hellen. Linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Mwezi unaliwalira bwinobwino. Chala chamkombaphala chinali chodukira pakati!

Hellen anabweza dzanja lake msangamsanga.

"Musaope, mayi. Mwayenda ulendo wautali chifukwa cha ana a eni. Koma mwafunsa molakwa. Mwafunsa okhala pa mipando."

"Nanga ndikanafunsa yani?"

"Wa pamphasa. Amene anakupatsani madzi. Bwererani."

"Usiku uno? Kudutsanso..."

"Kumeneko kulibe wokuvutani. Onse ndi anansi anga. Tamuyesani."

Hellen anaweramira bangwe n'kukhwekhwereza chala pa nsambo zonse. Mawu amene anatuluka anamubaya pamtima. Anali omwe aja ankawamva ali mtsikana, atangoyamba ntchito, mawu onjenjemera ngati munthu amene akuseka ali ndi misozi.

Anadzutsa mutu kuti athokoze.

Pa mlatho panali iye yekha. Achule anayambiranso.

Anakhala pamenepo kanthawi, bangwe ali pamiyendo. Ku Kabudula kunali kutsogolo, kufupi, kuli magetsi ndi tiyi wa Munira. Kumbuyo kunali manda. Anadziuza kuti mwina mdalayo wakwera njinga yake mwakachetechete, kuti mwezi umanamiza maso a munthu wotopa. Sanadzikhulupirire kwenikweni. Komabe anaimirira, n'kunyamula bangwe chagada m'manja ngati khanda, n'kubwerera.

Anadutsa mitengo ija osathamanga. Palibe chinagwedezeka.

Hellen ankamukumbukira mayi wa madzi uja. Anali wamtali, wa zaka ngati zake, manja akuda ndi utomoni wa fodya. Masana aja anagwada n'kumupatsa kapu, maso ali pa thumba, kenako anakakhala pamphasa kuseri kwa abambo osanena kanthu. Ankamutchula kuti Anastazia. Nyumba yake inali yoyamba polowa m'mudzi, pafupi ndi chigafa.

"Odi kuno."

"Ndani usiku uno?"

"Mlendo wa masana uja. Wa ku tauni."

Chitseko chinatseguka pang'ono, tochi ya foni n'kumuwalira kumaso. "Mwasochera, eti? Ndinanena ine kuti mugone. Anthu a ku tauni kumva ayi."

Hellen anangogunda nsambo zija kamodzi.

Tochi inatsika. Anastazia anatuluka, n'kukhala pansi pakhonde pomwepo, n'kutambasula manja. Anamulandira bangweyo, anamuika pamiyendo, anasuntha kamtengo kamodzi pang'ono chabe. Kenako anayimba. Zala za dzanja limodzi zinkatseka nsambo zina, dzanja linalo likukwapula, ndipo anayamba nyimbo ya munthu wopita kukagwira ntchito kutali amene akulonjeza kubwera mvula ikagwa. M'nyumba zoyandikana zitseko zinayamba kulira.

Atamaliza, Hellen anapukuta m'maso ndi chitenje. "Mayi, bwanji simunanene masana?"

"Munandifunsa? Munati mukufuna bambo. Ine ndine bambo?"

"Abambo aja bwanji sanakutchuleni?"

"Iwowo? Amati bangwe ndi wa amuna, mkazi akayimba ndiye kuti nyumba yamukanika. Malemu amuna anga ankandibisira bangwe wanga m'denga. Ndinkayimbira ku dimba, mbalame zokha n'kumamva."

Hellen anamufotokozera zonse: kachipinda, ana a m'maesiteti, wapampando ndi kumwetulira kwake, Lolemba.

"Pepala ndilibe," anatero Anastazia.

"Anena okha pamaso pa anthu kuti pepala silikufunika. Sangabweze."

"Nanga fodya wangayu asankha ndani?"

"Muli ndi ana?"

"Alipo, aulesi okhaokha." Anaseka, kenako anayang'ana bangwe uja nthawi yaitali. "Ndipita. Ameneyu ndinamuona komaliza ndili kamtsikana, atamangidwa pa njinga. Bambo anga ndiwo anapita naye ku sukulu kwanuko. Atawachotsa anamusiya konko, amvekere ana asavutike."

"Ndiye ndi bambo anu! Dzina lawo ndani? Pa chithunzi chathu pali dzanja lawo lokha. Ndikufuna dzinalo likhale pachitseko cha kalasi."

"A Frackson Kamtedza."

"Mawa tisananyamuke mundiperekeze kwawo. Sindinawathokoze. Andithandiza kumanga wayayu pa mlatho paja, n'kundiuza kuti ndibwerere kwa inu."

Anastazia anatembenuza bangwe, n'kuwalitsa tochi pansi pa thabwa, pamene panathera waya. Anaisisita mfundo ija ndi chala. Inali yopinda kawiri, nsonga yake yobisidwa mkati kuti isabaye mwana.

Anaimirira. "Tabwerani."

Analowa naye m'chigafa, pansi pa masamba a fodya olendewera. Kumapeto, pa mtanda wa denga, panapachikidwa njinga yakuda. Matayala anali ophwa, unyolo wadzimbiri, kangaude atamanga nyumba pa sipoko. Fumbi linali paliponse, ngakhale pa chogwirira cha kumanja. Pamenepo waya wa buleki panalibe, ndipo pa fumbilo panatsala zidindo za zala. Chimodzi chinali chachifupi.

"Njingayi sinatsikepo chiikireni maliro," anatero Anastazia motsitsa mawu. "Bambo anamwalira chaka cha njala ija, ine ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba. Mwanayo pano ali ndi ana ake. Agona m'manda mwadutsamo aja, chakumunsi, moyang'ana mlatho."

Hellen anagwira mzati wa chigafa. Anayang'ana zala zake. Mabala a waya anali akadali ofiira.

"Ananena chiyani?" anafunsa Anastazia. "Anakwiya?"

"Ayi. Anafunsa za mango."

Anastazia anaseka, kenako kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo amayi awiriwo anagwirana mumdimamo mpaka tambala woyamba.

Kusanache anali panjira, Anastazia atavala chitenje chake cha ku tchalitchi, bangwe ali m'manja chagada. Atafika pa mitengo ija Hellen anaima. Anagwada m'mphepete mwa mseu, moyang'ana kumunsi, n'kuwomba m'manja mofatsa, monga achitira munthu amene walandira chinthu kwa wamkulu.

"Zikomo, a Kamtedza. Zikomo kwambiri."

Anastazia anamudikira pang'ono, kenako anamukoka paphewa.

"Tiyeni, mayi, minibasi itisiya. Bambo amva kale."